Kodi mumadziwa? Magulu 9 a matupi ndi matenda a m'mapapo ku China

Madokotala a mankhwala amakolo ku China amagawa matupi a anthu m'magulu 9. Njirayi anaikonza ndi Pulofesa Wang Qi wa ku Beijing, ndipo inavomerezedwa mu 2009. Kuti adziwe gulu lake, munthu amayankha mafunso 60, dokotala n'kumuona lilime.

Ambiri odwala COPD, matenda otsekereza njira za mpweya m'mapapo, amaikidwa m'gulu la osowa mphamvu yotchedwa qi. Amalankhula motsitsa, kungoyenda pang'ono thukuta kamukamu, ndipo chimfine sichiwaphonya. Ena amaikidwa m'gulu la a makhololo ambiri.

Kafukufuku wa mu 2018 anapeza kuti akuluakulu pafupifupi 100 miliyoni ku China ali ndi COPD, makamaka chifukwa cha fodya ndi utsi. Komatu chotsimikizira matendawa si lilime ayi, ndi makina opimira mapapo omwe wodwala amauziramo mpweya mwamphamvu.