Dengu la lero, ndiwo za miyezi ya mawa

Wodutsa pa Lizulu m'boma la Ntcheu nthawi imene tomato wachuluka amaona zokondweretsa ndi zomvetsa chisoni pamodzi. Milu yofiira imandanda m'mbali mwa msewu wa M1, mabeseni atadzaza, amayi akuthamangira minibasi iliyonse imene yaima. Dzuwa likamapendeka mtengo nawo umatsika, chifukwa tomato wakupsa sadikira mawa. Zomwezi zimachitika pa Jenda ku Mzimba ndi pa Bvumbwe ku Thyolo. Koma pofika Januwale ndi Febuluwale, mvula ikabweretsa chiwawu m'minda, tomato amasowa, ndipo mayi wa ku Ndirande kapena ku Area 25 amadula mmodzi pakati kuti akwanire nkhomaliro ndi chakudya chamadzulo.

Banja la m'tauni likhoza kupewako vutoli pogula zokolola zambiri nthawi imene zatsika mtengo, n'kuzisunga. Luso lake si lachilendo. Agogo akumudzi analidziwa kale magetsi asanafike, ndipo chifukwa cha kuzimazima kwa magetsi, njira zawo n'zodalirika kuposa firiji.

Nkhani imayambira pogula. Masamba amene adutsa m'manja mwa mavenda awiri kapena atatu amafika pamsika atafota, atawazidwa madzi kangapo kuti aoneke amoyo. Amene wapita yekha kudimba, kapena wagwirizana ndi mlimi kuti amuthyolere m'mamawa, amapeza zatsopano pa mtengo wopikulira, basela n'kukhalaponso. Amapezanso mwayi wofunsa funso limene pamsika palibe angayankhe: kodi mankhwala anapopera liti? Mankhwala ambewu amakhala ndi masiku oyenera kudikira munthu asanakolole, ndipo tomato wokhala ndi timadontho toyera pakhungu ndi wofunika kumukayikira ndi kumutsuka bwino. Mabanja ena amasonkherana, mmodzi n'kupita kukaoda, akabwera n'kugawana. Ndalama yoyendera imachepa, ndipo mlimi amasangalala kuti dengu lonse lapita kamodzi.

Pa njira zonse zosungira ndiwo, mfutso ndiye mfumu. Kuyambira Febuluwale mpaka Epulo minda imakhala yodzaza ndi nkhwani, chitambe, khwanya, bonongwe ndi chisoso, ndipo mlimi amagulitsa motchipa kwambiri, mwina kungopatsa. Wofutsa amasankha masamba anthete, kuwatsuka, kuwaviika m'madzi owira kwa mphindi zochepa, kenako kuwayanika. Kuwiritsako kuli ndi ntchito yake: kumaletsa masamba kupitiriza kuwonongeka, kumasunga mtundu, ndipo mfutso wake suvuta kupsa. Amene amawiritsa mpaka masamba kuphwanyika, kapena kuthiramo soda, amataya mavitamini ambiri. Alangizi a zakudya amalimbikitsanso kuyanika pamthunzi pomwe mphepo ikudutsa bwino, chifukwa dzuwa lamphamvu limawononga michere imene thupi limapangira vitamini A. Pathandala kapena pamphasa yokwezeka m'pabwino kusiyana ndi pansi, pomwe nkhuku, mbuzi ndi fumbi zimafikira. (Amene anadyapo mfutso wamchenga sachita kuuzidwa.)

Mfutso wouma bwino umathetheka ukafinyidwa m'manja. Kumudzi amaukulunga m'chikwatu cha masamba a msuku n'kupachika kudenga la khitchini, kumene utsi umathamangitsa tizilombo. M'tauni chidebe chouma chotseka bwino chimagwira ntchito yomweyo, bola chisakhale pachinyezi. Pofika Okutobala, masamba atakwera mtengo, mfutso wotendera umabwerera pamphasa ndi ulemu wake wonse. Amene amaunyoza kuti ndi ndiwo za osauka angokumbukira kuti ndiwo zamasamba ndi limodzi mwa magulu 6 a zakudya amene a zaumoyo amati munthu azidya tsiku ndi tsiku, chilimwe ndi dzinja lomwe.

Therere lobala amalidula timizeremizere n'kuyanika. Bowa naye amafutsidwa, koma wogula azigula kwa anthu omudziwa bwino, popeza bowa wakupha sasiya ululu wake chifukwa choti wauma. Chinangwa chimasanduka makaka, mbatata imagona m'nkhuti yothira phulusa.

Tomato ndiye amafuna kuleza mtima. Thupi lake pafupifupi lonse ndi madzi, moti makilogalamu 10 akauma satsala ndi kilogalamu yathunthu. Amadulidwa mopyapyala, kuwazidwa kamchere, n'kuyanikidwa pansi pa nsalu yopyapyala kapena neti yoletsa ntchentche. Miyezi ya Seputembala ndi Okutobala ndi yabwino pa ntchitoyi chifukwa kumatentha ndipo mpweya umakhala wouma. Akauma ena amamusinja kukhala ufa wothira m'ndiwo. Magulu ena a amayi amagwiritsa ntchito choumitsira cha dzuwa, bokosi lamatabwa lophimbidwa ndi pulasitiki yoonekera mkati, lokhala ndi mipata yolowera ndi kutulukira mpweya. Kalipentala wamba akhoza kulikhoma.

Njira ina ndi ya m'mabotolo, ndipo apa mpofunika kusamala kwambiri. Tomato wophikidwa amathiridwa akadali wotentha m'mabotolo agalasi owiritsidwa, pamodzi ndi masupuni awiri akuluakulu a madzi a mandimu pa lita iliyonse. Mabotolo akatsekedwa amamizidwa m'madzi owira kwa pafupifupi ola limodzi. Nthawiyi imatalika chotere chifukwa m'madera okwera ngati Lilongwe, amene ali pamtunda wa mamita opitirira 1,000 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere, madzi amawira asanafike pa madigiri 100. Mandimuwo si okometsera ayi. Kuwawasa kwake kumalepheretsa kachilombo kotchedwa Clostridium botulinum, kamene kamakula m'malo opanda mpweya n'kutulutsa poizoni wakupha amene nthawi zina sanunkha n'komwe. N'chifukwa chake zitheba, nandolo, karoti ndi zina zosawawasa siziyenera kusungidwa m'mabotolo mwa njira imeneyi. Botolo limene chivundikiro chake chatupa kapena likutuluka thovu n'lotaya osalawa.

Zipatso nazo zili ndi nyengo yake. Mango a ku Salima ndi Nkhotakota amayamba kupsa mvula isanakhazikike, ndipo ambiri amangowolera pansi pa mitengo. Odulidwa mopyapyala amauma bwino masabata otentha amenewo, koma mvula ikayamba kuyanika kumavuta, choncho otsalawo ndi bwino kuphika jamu ndi shuga wokwanira ndi mandimu. Chinanazi cha ku Mulanje chimapanganso jamu wabwino.

Wogula mtedza kwa mlimi kuti asunge wa nsinjiro asankhe wouma bwino, makamaka wosasenda. Alimi ena amanyowetsa mtedza kuti usavute kusenda, ndipo chinyezi chimenecho chimaitana chuku, chimene poizoni wake amawononga chiwindi ndipo satha ngakhale mtedzawo ukazingidwe. Nyemba ndi khobwe zouma zimasungika popanda mankhwala m'matumba a PICS, okhala ndi mapulasitiki awiri mkati, momwe anankafumbwe amafa posowa mpweya. Thumbalo limangofunika kulimanga bwino nthawi iliyonse likatsegulidwa, ndi kuliika pathandala kutali ndi makoswe.