Atsikana ndi Sayansi: Zimene Mayeso a Maiko Ambiri Aonetsa

M'madoko mwathu muno timamva kawirikawiri mawu akuti sayansi ndi phunziro la anyamata, mtsikana mutu wake sugwira. Ena amangonena mocheza poyanika usipa pa thandala. Koma chaka chimene nsomba zavuta, mawu omwewa ndi amene amagamula mwana woti alipiridwe fizi ndi woti atsale pakhomo. Ndiye taona kuti ndi bwino tifotokoze zimene zinapezeka atayesa ana a maiko osiyanasiyana.

Bungwe la OECD limayendetsa mayeso otchedwa PISA, amene anayamba m'chaka cha 2000. Amayesa ana a sukulu a zaka 15 pa kuwerenga, masamu ndi sayansi. Sayesa mwana aliyense ayi. Amasankha sukulu ndi ana mwa maere, monga momwe alangizi athu amayezera nsomba za mabwato ochepa kuti adziwe za doko lonse. Mafunso amamasuliridwa m'chilankhulo chimene ana amaphunzirira, ndipo safuna zoloweza koma kuti mwana aganize.

M'chaka cha 2018 ana pafupifupi 600,000 a m'maiko ndi madera 79 analemba mayesowa. Pa sayansi, atsikana anaposa anyamata m'maiko opitirira 30. Anyamata anapambana m'malo 6 okha: Argentina, Colombia, Costa Rica, Mexico, Peru ndi zigawo zinayi za China zimene zinayesedwa pamodzi. M'maiko otsalawo kusiyana kwake kunali kosaoneka. Ku Finland atsikana anali patsogolo ndi mapointi 24, ndipo ku Qatar, Jordan ndi Saudi Arabia anatsogola kuposa pamenepo.

Tsono taonani apa. Chikhala kuti vuto lili m'mutu mwa mtsikana, bwenzi atsikana akutsalira paliponse, ku Peru ngakhale ku Finland. Koma wotsogola akusintha ukangodutsa malire a dziko. Akusinthanso ndi zaka: mu 2015, pophatikiza maiko a OECD, anyamata anali patsogolo ndi mapointi 4, mu 2018 atsikana anatsogola ndi 2, ndipo mu 2022 anafanana. Chachikulu kwambiri ndi kusiyana kwa dziko ndi dziko. Mu 2018 ana a ku Singapore anapeza 551 pamene a ku Dominican Republic anapeza 336. Kusiyana kwa mapointi 215 kumeneku kumachokera ku aphunzitsi, mabuku, zipangizo ndi chakudya cha pakhomo, osati kuti mwanayo ndi wamkazi kapena wamwamuna.

Manambalawa tisawameze osatafuna. Kutsogola kwa atsikana sikutanthauza kuti dzikolo lakhoza bwino. Ku Jordan atsikana anaposa anyamata, komabe onse pamodzi anali pansi ndithu poyerekeza ndi maiko a OECD. Nthawi zina si atsikana amene akwera, ndi anyamata amene atsika.

Chachiwiri, chimene ife tikuona kuti chikutikhudza kwambiri, n'chakuti mayesowa amalembedwa ndi ana okhawo amene ali pa sukulu. Msodzi aliyense amadziwa kuti nsomba zimene zafika pa doko si zonse zimene zinalowa mu khoka. Anansi athu a ku Zambia anachita nawo mayeso a PISA okonzedwera maiko osauka m'chaka cha 2017. Kumeneko anapeza kuti mwa ana atatu a zaka 15, pafupifupi mmodzi yekha ndiye anali m'kalasi loyenera kuti ayesedwe. Mtsikana amene anakwatiwa, amene anatenga mimba, kapena amene akugulitsa nsomba pa msika, m'manambalamo mulibe dzina lake, ngakhale anali wanzeru chotani.

Dziko la Malawi silinachitepo nawo PISA. Tinachita nawo kafukufuku wa SACMEQ wa maiko a kummwera ndi kummawa kwa Africa, koma uyu ankayesa ana a Sitandade 6 makamaka pa kuwerenga ndi masamu, osati sayansi. Choncho zimene timaonera sayansi ya atsikana athu ndi zotsatira za mayeso a MANEB, ndipo a MSCE amawerenga mtsikana yekhayo amene wafika Fomu 4.