Mchenga wa ku Kafue ndi Galasi la Foni

Aliyense amene anayendapo m'tauni ya Kafue m'miyezi ya Ogasiti ndi Seputembala, pamene mphepo imanyamula fumbi m'misewu ya ku Shikoswe ndi ku Zambia Compound n'kulimwaza pa mabenchi a ogulitsa nsomba, m'timanyumba ta Airtel Money ndi MTN, ngakhalenso m'matumba a zovala zathu, anakumana naye maso ndi maso mdani wamkulu wa galasi la foni, chingakhale mwina sanamzindikire. Ambirife timaopa makiyi ndi ndalama zachitsulo, pamene zitsulo zimenezo n'zofewa kuposa galasi. Chimene chimakanda kwenikweni ndi mchenga.

M'chaka cha 1812, Friedrich Mohs, katswiri wa miyala wa ku Germany, anandandalika miyala khumi motsata kulimba kwake, kuyambira pa 1 kufikira pa 10 pamene pali dayamondi, ndipo lamulo lake ndi lakuti cholimba chimakanda chofewa. Galasi la foni lili cha pa 6, koma quartz, mwala umene wachuluka mumchenga wa m'mitsinje ndi m'fumbi, uli pa 7. Chotero kanjere kamodzi, kakalowa m'thumba n'kumakhuzana ndi foni tsiku lonse, kamasiya mzere umene palibe nsalu ingaufafanize.

Sindikupeputsa luso la opanga magalasiwa, pakuti ntchito yawo ndi yodabwitsa ndithu. Kampani ya Corning ya ku New York, imene galasi lake linaikidwa pa iPhone yoyamba mu 2007, imamiza galasi mumchere wa potassium wosungunuka pa madigiri pafupifupi 400, ndipo m'menemo tizidutswa ta sodium timatuluka, ta potassium, tokulirapo, n'kulowa m'malo mwake, kotero kuti pamwamba pa galasi pamathinana monga amathinira anthu m'minibasi ya ku Lusaka, ndipo mng'alu umasowa potsegukira. Komatu nzeru imeneyi imachinjiriza kusweka koposa kukandika. Ndiponso si mafoni onse otsika mtengo a Tecno ndi itel, amene adzaza m'manja mwa anthu athu, ali ndi galasi lotere.

Choopsa cha mkando si kunyansa kokha ayi. Mzere uliwonse umafooketsa galasi pamalo pamenepo, ndipo tsiku limene foni idzapulumuke m'manja pokwera basi, kapena kugwa pasimenti mwana akuiseweretsa, pakuti tsoka silinunkha, mng'alu udzayambira pomwepo.

Apa ndiye pagona phindu la kagalasi kotetezera kamene anyamata amamatira pa foni kumsika. Tisanamizane: nakonso kamakandika ndi mchenga, ndipo chilembo cha 9H chimene chimawala pa paketi yake chimanena za kulimba kwa pensulo, osati za muyeso wa Mohs, chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Ntchito yake ndiyo kuvulala m'malo mwa galasi lenileni, kuti kakawonongeka tikamatule n'kumatapo kena pa ndalama zochepa. Galasi lenilenilo pa mafoni ambiri a lero linamatidwa pamodzi ndi sikirini yoonetsa zithunzi, kotero kuti wokonza amasintha zonse, ndipo pa foni yotsika mtengo ndalama zake zimatenga gawo lalikulu la mtengo wa foni yatsopano.

Bwana wokhala muofesi ndi foni ya galasi lamakono angathe kukhala wopanda chotetezera, ndipo sindingamtsutse. Koma mayi wogula nsomba kwa asodzi a ku Kafue Flats, amene makasitomala ake ndi ndalama zake zonse zili m'foni, kapena bambo wogwira ntchito ku Nitrogen Chemicals kapena ku fakitale ya zitsulo, ameneyo ndimpempha ndi mtima wonse kuti asanyalanyaze. Agulenso kava ya labala yokhala ndi milomo yotukuka pang'ono, chifukwa foni imakonda kugwera pangodya, pamene kagalasi kaja sikafika. Fumbi likakhala pa sikirini, ayambe waliuzira asanapukute ndi chitenje, kuopa kukhuza mchenga pa galasi ndi dzanja lake lomwe. Ndipo chotetezera chikang'aluka achichotse msanga, pakuti m'mphepete mwake mumacheka chala.