Kodi mphaka adye nyama yaiwisi kapena yophika?

Msika ukamatha madzulo, ogulitsa nyama ya mbuzi akamatsuka zikwanje ndi matebulo, sipalephera kutsala timapapo, timatumbo ndi timafuta. Amene amaweta mphaka amatola tizidutswati m'kajumbo, ndipo akafika pakhomo amangomuponyera pansi tili tatiwisi. Pakhomo loyandikana nalo, mphaka amagonera mkute wa nsima wonyika mumsuzi wa mpiru, eni ake n'kumati ngati akufuna ndiwo akagwire makoswe kunkhokwe.

Makomo awiri onsewa akumulakwira mphaka, ndipo pakhomo loyambalo ngozi ikhoza kufikira ana ndi amayi oyembekezera.

Tiyambe ndi wa nsima uja. Mphaka amasiyana ndi galu chifukwa thupi lake lidapangidwa kuti lizidalira nyama. Munyama muli michere ina yotchedwa taurine, yomwe galu ndi munthu amatha kupanga m'thupi mwawo, pomwe mphaka sapanga yokwanira. Akaisowa kwa miyezi yambiri, maso ake amayamba kuchita khungu ndipo mtima umafutukuka n'kufooka. M'chaka cha 1987, dokotala wa ziweto Paul Pion ndi anzake pa yunivesite ya California ku Davis adapeza kuti amphaka ambiri omwe ankafa ndi nthenda ya mtima ankasowa taurine m'zakudya zawo. Makampani opanga zakudya za amphaka atawonjezera micherewo, nthendayo idachepa kwambiri.

Choncho amene amapatsa mphaka nyama sakulakwa. Nkhani yagona pa kuphika.

Kumayiko a azungu kuli gulu la anthu lomwe limakhulupirira kuti ziweto za m'nyumba zizidya zaziwisi monga zimachitira nyama zakutchire. Ganizoli lidatchuka kwambiri kuchokera mu 1993 pomwe dokotala wa ziweto wa ku Australia, Ian Billinghurst, adatulutsa buku lolimbikitsa kadyetsedwe kotere, ndipo lero kuli makampani omwe amagulitsa nyama yaiwisi yopera, youmitsa mufiriji, ya agalu ndi amphaka. Otsatira njirayi amati ubweya umasalala komanso mano amayera. Koma paja akuluakulu adati chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere.

Mu 2018, madokotala a ziweto pa yunivesite ya Edinburgh ku Scotland adadabwa kuona amphaka omwe satuluka n'komwe m'nyumba akudwala chifuwa chachikulu cha mtundu womwe umagwira ng'ombe. Atafufuza adapeza kuti onsewo ankadya nyama yaiwisi ya agwape yochokera kukampani imodzi. Ena mwa amphakawo adafa. Ku America, m'chaka cha 2024, amphaka a pafamu ina ya ng'ombe za mkaka ku Texas adafa ndi chimfine cha mbalame cha H5N1 atamwa mkaka wosawiritsa, ndipo kumapeto kwa chakacho mpaka mu 2025 amphaka ena a m'nyumba adafa ndi nthenda yomweyo atadya nyama yaiwisi ya nkhuku kapena nkhukundembo yogula m'sitolo. Bungwe la madokotala a ziweto m'dzikolo, American Veterinary Medical Association, lidachenjeza kale mu 2012 kuti amphaka ndi agalu asamapatsidwe nyama yosaphika.

Ngati izi zidachitika ndi nyama yosungidwa mufiriji, nanga kuli bwanji matumbo omwe akhala padzuwa kuyambira m'mawa, ntchentche zili ng'waa? Tizilombo ta salmonella, tomwe timatsegula m'mimba, timachulukana msanga pakatentha. Mphaka akhoza kutidya osaonetsa kudwala, koma timatuluka m'chimbudzi chake, timatsala m'mbale yake ndi pansi pomwe wadyera. Pansi pomwepo ndi pomwe mwana amakwawa n'kumaika zala mkamwa.

Palinso kachilombo kotchedwa Toxoplasma gondii, komwe akatswiri adakatulukira mu 1908. Kamabisala munyama ya mbuzi, nkhosa, nkhumba, makoswe ndi mbalame, koma ndi m'matumbo mwa mphaka mokha momwe kamaikira mazira. Mphaka akakatenga koyamba, amatulutsa mazira mamiliyoni m'chimbudzi kwa sabata imodzi mpaka zitatu, ndipo mazirawo amatha kukhala amoyo m'dothi lonyowa kwa miyezi yambiri. Munthu wathanzi nthawi zambiri sadziwa kuti wakatenga. Koma mayi akakatenga ali woyembekezera, mimba ikhoza kupita padera kapena mwana kubadwa ndi vuto la maso ndi ubongo. Kwa munthu yemwe chitetezo chake chatsika ndi HIV, kachilomboka kamagwira ubongo. Mankhwala a Bactrim omwe amaperekedwa kuchipatala amathandizanso kuteteza ku nthenda imeneyi.

Izi sizikutanthauza kuti muthamangitse mphaka, chifukwa makoswe angakutherani chimanga. Anthu ambiri amatenga kachilomboka podya nyama yosapsa kapena ndiwo zamasamba ndi zipatso zosatsuka. Komanso mazira aja sayamba kupatsira nthenda mpaka patapita tsiku limodzi kapena kuposa, choncho kuchotsa chimbudzi cha mphaka tsiku lomwelo n'kusamba m'manja ndi sopo kumathandiza. Ntchito imeneyi isakhale ya mayi woyembekezera.

Nsomba yaiwisi nayo ili ndi vuto lake. Mitundu ina ya nsomba ili ndi chinthu chomwe chimawononga vitamini B1 m'thupi, ndipo mphaka wodya zoterezi tsiku ndi tsiku amayamba kudzandira, kupinda khosi ndi kukomoka. Moto umathetsa vutoli.

Nanga mphaka timudyetse bwanji? Tizidutswa ta kumsika tija tiwiritseni mpaka tipse m'kati, popanda mchere, anyezi kapena adyo, chifukwa anyezi ndi adyo zimawononga magazi a mphaka. Msuzi wake musataye, mpatseninso, popeza taurine wina amasungunukira m'madzimo. Mtima wa nkhuku kapena wa mbuzi uli ndi taurine wambiri. Chiwindi n'chabwino, koma pang'ono, kamodzi pasabata, chifukwa chikachuluka chimaumitsa mafupa a khosi ndi msana. Mnofu wokhawokha umafooketsa mafupa a ana amphaka, ndiye muzisakaniza ndi usipa kapena matemba ophika, omwe minga yake ndi yofewa. Mafupa ophika a nkhuku asamapatsidwe chifukwa amathetheka n'kubaya matumbo. Kansima pang'ono sikapha, bola kasakhale chakudya chenicheni. Madzi akumwa azikhalapo nthawi zonse. Mkaka wa ng'ombe umatsegula m'mimba amphaka ambiri akuluakulu.

Nkhuku yodzifera yokha ikwirireni mozama, ndipo khoswe yemwe wafa ndi mankhwala mumutaye komwe mphaka sangafike. Mphaka akasiya kudya masiku awiri, kapena akamasanza ndi kutsegula m'mimba, pitani naye kwa alangizi a ziweto a m'dera lanu.

Makoswe apitiriza kugwira, chifukwa mphaka wokhuta amasakabe, ndipo zimenezo simungamuletse. Koma zomwe zimachokera m'manja mwanu muli nazo mphamvu. Mbaula ikadali ndi moto mutaphula nsima, tekanipo kapoto kakang'ono ka mlonda wa nkhokwe yanu.