Okalamba ndi Kutentha kwa m'Chigwa cha Bwanje

Sharpevale ili m'chigwa cha Bwanje, m'mbali mwa msewu wa M5 ndi njanji yopita ku Salima, ndipo mosiyana ndi kumtunda kwa boma la Ntcheu komwe kumazizira, kuno mu Okutobala ndi Novembala dzuwa limaswa mtengo. Kutentha kotere, komwe kukunka kukulirakulira chifukwa cha kusintha kwa nyengo, kumazunza kwambiri okalamba, pakuti thupi likakalamba silimva ludzu msanga ndiponso silitulutsa thukuta lokwanira, moti gogo amene akumwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi, makamaka aja okodzetsa pafupipafupi, angathe kutha madzi m'thupi ali chikhalire pakhonde, achibale ali kumunda.

Apa nkhani ya umoyo imasanduka ya chilungamo, ndiko kuti ya amene ayenera kuyamba kuthandizidwa pamene thandizo lili lochepa. Boma litalengeza mu Malichi 2024 kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi chifukwa cha ng'amba ya El Niño, chimanga chinagawidwa, koma kagawidwe kofuna kuti munthu aime pamzere padzuwa kenako asenze thumba la makilogalamu 50 kamakomera amphamvu, ndipo nkhalamba imene yalemba ganyu mnyamata woinyamulira imamulipira ndi chimanga chomwecho. Ngakhale Mtukula Pakhomo, ndondomeko yopereka ndalama kwa mabanja ovutikitsitsa imene inayambira ku Mchinji mu 2006, safikira wokalamba aliyense.

Chowawa koposa n'chakuti anthu amene nyengo ikuwapweteka kwambiri ndi omwenso amalozedwa chala kuti amanga mvula. Ku Neno mu Januwale 2016, okalamba anayi anaphedwa powaganizira kuti anatumiza mphenzi imene inapha mtsikana, chonsecho lamulo la 1911 limaletsa kutchula munthu mfiti. Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza okalamba mu 2024, bungwe loona za okalamba la MANEPO litalimenyera nkhondo kwa nthawi yaitali, komabe mphamvu ya lamulolo idzaonekera pabwalo la nyakwawa, pomwe mayina a olandira thandizo amalembedwa.

Kuteteza sikutanthauza kulamula. Wokalamba amene akukana kuchoka pamalo osefukira madzi kawirikawiri amakhala akuganizira manda a makolo, mbuzi zake ndiponso adzukulu amasiye amene akulera, choncho komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi iyenera kukhala naye pansi mvula isanayambe, n'kugwirizana za komwe adzapite, amene adzamuperekeze ndi komwe azikatengera mankhwala ake.