Fumbi linatsala pang'ono kundiphera laputopu

Unali mwezi wa Okutobala, nthawi imene ngakhale kuno ku Mulanje, kumene tinazolowera chiperoni, dzuwa limaswa mtengo. Ndinali m'kalasi la Folomu 4 pa sekondale yoyendera imene ndimaphunzitsa, ndikuonetsa ana kanema wa mmene mtima umapopera magazi. Labotale tilibe, choncho laputopu yanga ndiyo imagwira ntchito imeneyo. Mwadzidzidzi pa sikirini panatuluka mizere yobiriwira, fani inalira ngati chigayo, kenaka zii, yazima. Ana anaseka, koma ine mtima unali phaphapha. Masikimu a zaka zisanu, mayeso amene ndinalemba ndekha komanso malikisi a ana, zonse zinali mmenemo, ndipo ndinalibe pena pamene ndinazisunga.

Laputopuyi ndinaigula yogwiritsidwa kale ntchito kwa msuweni wanga amene ali ku Joni. Kwa miyezi ingapo inkatentha mpaka kuwotcha ntchafu, koma ndinkangoti ndi ukalamba. Mnzanga wina anandiuza kuti graphics card, kachipangizo kamene kamajambula zonse zooneka pa sikirini, yapsa, ndipo ndingogula ina n'kusintha. Loweruka ndinakwera minibasi pa Chitakale kupita ku Limbe ndi ndalama yobwereka m'thumba.

Mnyamata wokonza makompyuta amene ndinamupeza anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Atamasula tizitsulo ta kunsi anandiitana. "Aphunzitsi, tabwerani muone nokha." Pakati pa fani ndi potulukira mpweya panali fumbi lophatikizana ngati kachidutswa ka bulangete. Choko cha m'kalasi, fumbi la mumsewu ndi ubweya wa zofunda zinali zitatseka njira yonse.

Anandifotokozera mmene zimayendera. Purosesa ndi chip ya graphics zimatulutsa kutentha kwambiri zikamagwira ntchito. Pamwamba pake pamagona kapaipi ka kopa kamene kamatenga kutenthako n'kukafikitsa ku tizitsulo topyapyala ta m'mbali, ndipo fani imauzira mpweya kuti kutulukire kunja. Pakati pa chip ndi kopayo amapakapo phala lotuwa lotchedwa thermal paste. Zaka zikamapita phalalo limauma ngati dothi la m'chilimwe. Njira ikatsekeka, kutentha kumayandikira madigiri 100 ndipo makina amadzizimitsa okha podziteteza. Kutentha ndi kuzizira kobwerezabwereza kumathanso kung'ambula timikanda ta mtovu timene timalumikiza chip ku motherboard, ndiye chiyambi cha mizere ija.

"Nanga achimwene, simungangosintha?" ndinafunsa. Apa ndi pamene ndinaphunzira chimene ndikufuna owerenga amve. Mu kompyuta ya pa desiki, graphics card imazuka ndipo mukhoza kulowetsamo ina. Koma m'malaputopu ambiri chip imeneyi inawotchereredwa pa motherboard, ndipo mwa ena ili m'kati mwa purosesa momwemo. Ndi makina ochepa okha, akuluakulu ndi odula, amene ali ndi khadi yozuka yamtundu wa MXM. Choncho wina akakuuzani msanga kuti akusinthirani graphics card ya laputopu, mufunseni akuonetseni pamene ikuzukira. Safunsa anadya phula.

Anandichenjezanso za njira ina yofala, yowomba chip ndi mpweya wotentha kuti mtovu ugwiranenso. Makina amadzukadi, mwini wake n'kulipira mokondwa, koma kawirikawiri vuto limabwerera pakangopita masabata kapena miyezi yochepa.

Mwayi wanga unali woti laputopu yanga ili ndi magraphics awiri, ina yapadera ndi ina ya mu purosesa. Iye anazimitsa yodwalayo mu BIOS n'kusiya inayo. Anachotsa fumbi ndi kaburashi, anapukuta phala lakale ndi spirit, n'kupakapo latsopano kadontho kochepa ngati njere ya mpunga. Atayatsa, fani inkangonong'ona. Masewera olemera siingathenso, koma kanema wa mtima, Word ndi Excel zikuyenda bwinobwino. Ndalama yambiri imene ndinabwereka ndinakabweza Lolemba lomwelo.

Aphunzitsi anzanga, ambirife makina athu ndi akaunjika ndipo kugula ena pa malipiro athuwa si nkhani yamasewera. Musaike laputopu pa bedi kapena pa mtsamiro, chifukwa mumatseka mphuno zake za kunsi. Ikani pa tebulo, ndipo kumbuyo kwake muikeko kathabwa kuti mpweya uzidutsa. Mukamafufuta pa bolodi, itsekeni kapena iikeni m'chikwama. Fani ikayamba kulira kosalekeza, musadikire mizere. Pitani nayo akaipukute, makamaka chilimwe chisanafike. Ngati mukutsegula nokha, yambani mwachotsa chaja ndi batire.

Koposa zonse, sungani ntchito yanu pawiri. Tsiku lomwelo ku Limbe ndinagula flash, ndipo malikisi ndimadzitumiziranso pa imelo netiweki ikagwira. Sabata yotsatira ndinabwerera m'kalasi muja ndipo tinapitiriza kanema wathu pamene anaimira. Mtsikana wina wa kutsogolo anafunsa ngati laputopu yachira. Ndinamuuza kuti yachira, koma choko ayi, sidzanunkhizanso.