Ndani amasankha mitu ya mabuku mulaibulale?

Wophunzira amene akufuna mabuku onena za chilankhulo chathu akhoza kufufuza mawu akuti Chichewa n'kupeza ochepa chabe, pamene ena ambiri ali phee pa mashelefu omwewo atalembedwa kuti Chinyanja, dzina limene linkagwiritsidwa ntchito ku Malawi mpaka 1968 ndipo likadalipo ku Zambia. Dikishonale ya David Clement Scott ya mu 1892 imatchula Chimang'anja. Pofuna kuti wofufuza asabwerere chimanjamanja, malaibulale amatsata mndandanda wa mitu yovomerezeka: nkhani iliyonse imapatsidwa mutu umodzi wokha, ndipo mayina ena onse a nkhaniyo amangokhala zolozera wofufuza ku mutu umenewo. Wolemba katalogi saloledwa kungopeka mutu umene wamubwerera m'maganizo tsikulo. Ayenera kuutenga pa mndandanda, ngakhale iye mwini atakhala ndi mawu ena owakonda.

Mndandanda wotchuka kwambiri ndi wa Library of Congress ya ku Washington, umene unayambika mu 1898 ndipo lero uli ndi mitu yoposa 300,000. Malaibulale ang'onoang'ono ambiri amatenga wa Sears, umene Minnie Earl Sears anautulutsa mu 1923, pomwe azachipatala ali ndi MeSH ndipo azaulimi ali ndi AGROVOC ya bungwe la FAO. Chimene chimakokera laibulale ku mndandanda wa anthu ena makamaka ndi ndalama. Kuwerenga buku, kuzindikira nkhani yake ndi kulipezera mitu ndi ntchito yofuna katswiri komanso nthawi. Koma buku likalembedwa kamodzi n'kuikidwa mu nkhokwe yogawana ngati WorldCat, malaibulale ena amangokopera. Laibulale ya antchito awiri ikati ipeke mitu yakeyake, mabuku atsopano adzangounjikana m'makatoni, ndipo wolemba katalogiyo akapuma pantchito nzeru zonse zidzapita naye.

Ena amati zonsezi n'zachikale popeza kompyuta imatha kufufuza liwu lililonse. Kompyutayo imapeza liwu limene mwalemba, koma nkhani ya buku siikhala pachikuto nthawi zonse. Buku la Rachel Carson la mu 1962, Silent Spring, limanena za kuipa kwa mankhwala ophera tizilombo, koma palibe liwu m'dzina lake limene lingakuuzeni zimenezo. Chimene chimalifikitsa kwa wophunzira zaulimi ndi mutu umene wolemba katalogi analiikira.

Dandaulo lolemera ndi lina, ndipo silofunika kulizemba: mndandanda wa Library of Congress unapangidwira mabuku ndi owerenga a ku America. Chimanga chili pansi pa Corn, mtedza pa Peanuts, mpira wamiyendo pa Soccer. Izi n'zazing'ono, zolozera zimathana nazo. Zazikulu anazitulukira Sanford Berman pamene ankagwira ntchito mulaibulale ya University of Zambia ku Lusaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Kumeneko anapeza kuti umodzi mwa mitu yovomerezeka unali liwu lachipongwe limene azungu a ku South Africa ankanyozera nalo anthu akuda, ndipo malamulo a ntchito ankafuna kuti lilembedwe pa makhadi a katalogi oti anthu akuda omwewo aziwerenga. Mu 1971 anatulutsa buku lotchedwa Prejudices and Antipathies, mmene anatchula mitu 225 yonyoza kapena yokondera pa nkhani za mitundu ya anthu, chipembedzo ndi amayi. Steven Knowlton atabwereranso ku mndandandawo mu 2005 anapeza kuti mitu 88 inali itasinthidwa pafupifupi mmene Berman anafunira, ndipo ina 54 inasinthidwa pang'ono. Wina angati uwu ndi umboni woti mndandanda umamva madandaulo. Wina angati zaka zoposa 30 n'zambiri kuti chipongwe chizikhalabe m'katalogi, ndipo onse awiri akunena zoona.

Kuchedwako nthawi zina kumabwera ndi ndale. Mu 2014 ophunzira a ku Dartmouth College anapempha kuti mutu wakuti Illegal aliens, wonena za anthu okhala m'dziko opanda zikalata, uchotsedwe chifukwa umachititsa munthu kuoneka ngati iye mwiniyo ndiye mlandu. Library of Congress inalengeza mu 2016 kuti iusintha, koma aphungu ena a nyumba ya malamulo analowererapo ndipo nkhaniyo inaima mpaka mu November 2021, pamene anaikapo Noncitizens ndi Illegal immigration. Chochititsa chidwi n'chakuti malaibulale ambiri sanadikire. Anasintha mutuwo m'makatalogi awo okha, uku akutsatabe mndandanda wonsewo pa mitu ina.

Njira imeneyi ndiyo ndikuiona kuti ndi yanzeru. Kutaya mndandanda wonse chifukwa cha mitu yoipa n'kuwotcha nyumba pothamangitsa khoswe, chifukwa laibulale yotero imadzipatula kwa anzake ndipo singakoperenso kapena kugawana nawo ntchito. Kuumeza wonse osafunsa nakonso n'kulakwira owerenga. Makatalogi a pakompyuta amalola kuwonjezera mitu ya kwanuko pambali pa yovomerezeka, choncho buku lonena za Gule Wamkulu kapena chikamwini likhoza kupezeka ndi mawu amene eni ake amadziwa. Palinso khomo lotchedwa SACO, lomwe malaibulale amadzera popempha Library of Congress kuti iwonjezere mutu watsopano kapena kukonza wakale. Koma lamulo lake ndi lakuti mutu umapangidwa pokhapokha pali buku kapena cholembedwa china chimene chikuufuna, ndipo wopempha ayenera kusonyeza umboni woti mawuwo ndi amene olemba amagwiritsadi ntchito. Motero mayiko amene amasindikiza mabuku ochepa, kapena amene mabuku awo safika m'makatalogi akuluakulu, amakhalanso ndi mitu yochepa yonena za iwo, ndipo woyenera kukonza pempho lotere ndi wolemba katalogi yemwe uja amene makatoni a mabuku akumudikira kale.